Msipu wa m'thireyi tiyambe tauika pa sikelo

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanuyi, yomwe kuno kunyanja timaiwerenga mobwerekana mpaka kung'ambika, kuti ndilankhulepo pa ulimi wina wachilendo umene wayamba kutchuka pakati pa ife oweta mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Ulimiwu ndi womeretsa chimanga m'mathireyi popanda dothi, kuti chikatulutsa masamba tizidyetsa ziweto. Anyamata amene akuuona pa mafoni akuutchula kuti hydroponic fodder, koma ife kuno tangoupatsa dzina loti msipu wa m'thireyi. Ine ndinauyesa kwa miyezi iwiri m'chaka cha 2024, choncho zimene ndilembe pano si za m'maluwa ayi, koma zimene manja angawa anagwira.

Vuto limene likutikankhira ku ulimiwu ndi lenileni, ndipo sindikulichepetsa. Aliyense wodziwa dera lino, kuchokera pa Benga kulowera ku Chia kapena kukwera kumtunda cha ku Mwansambo, akudziwa kuti kuyambira mu Sepitembala mpaka mvula yoyamba mbuzi zimaona zakuda. Tchire limakhala litapsa, udzu wotsala ndi wouma ngati tsache, ndipo mbuzi yoyamwitsa imayamba kuonekera nthiti. Mbuzi yanjala sidziwa malire a munda. Imalowa m'chinangwa cha mnansi, ndipo milandu yambiri imene amfumu amaweruza miyezi imeneyi ndi ya mbuzi basi. Ine ndemwe ndinalipirapo kawiri, ndipo mpaka lero pali banja lina limene timangopatsana moni wa pakamwa.

M'chaka cha 2024 zinthu zinanyanya. Mvula inadula pakati kaamba ka El Nino, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri n'kumiza madambo ena a m'mphepete momwe timadyetsa ziweto m'chilimwe. Kumtunda kouma, kunyanja kwadzaza madzi, mbuzi zili pakati.

Ndi nthawi imeneyo pamene kunafika mnyamata wina wovala bwino, yemwe sindimutchula dzina, napempha akuluakulu a mpingo wathu kuti amupatse mphindi zochepa mapemphero akatha. Anatulutsa thireyi yodzaza ndi msipu wobiriwira mochititsa kaso, pakati pa dzuwa la Okutobala, naunyamula m'mwamba ngati mkeka, mizu yake italukana yoyera mbee. Anati kilogalamu imodzi ya chimanga imabereka makilogalamu 6 a msipu m'masiku 8 okha, popanda munda, popanda feteleza, popanda khasu. Anthu tinaomba m'manja. Amene tinafuna kuphunzira tinalipira kandalama, ine ndinali woyamba kulembetsa.

Ndinene mosabisa kuti pa zimene anatiphunzitsa sananame. Umasankha chimanga chabwino, n'kuchithira m'ndowa ya madzi, chofumbwa ndi zinyalala zikayandama n'kuzitaya. Chotsalacho umachiviika usiku wonse, m'mawa n'kukhetsa madzi, n'kuchifunditsa ndi chiguduli chonyowa tsiku limodzi kapena awiri mpaka chiyambe kutulutsa timizu. Ukatero umachiyala m'thireyi yoboolaboola pansi, osachiunjika kwambiri, n'kuika pa thandala lopendekeka pang'ono pamthunzi kuti madzi azitsika. Ine mathireyi ogula ndinalibe, ndinadula zigubu zakale pakati n'kuziboola ndi msomali wamoto. Kenaka ndi kuthirira basi, katatu kapena kanayi pa tsiku. Pofika tsiku la 8 msipu unali utatalika ngati chikhatho changa, ndipo mbuzi zinadya zonse, masamba, njere ndi mizu yomwe, mpaka kulimbirana. Nkhuku nazo zinakondwa, mazira ake chikasu cha m'kati chinkachita kuwala. Sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndatola ndalama.

Amene anandidzutsa kutulo ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina ali kubwera ku mjigo ndi ndowa yachitatu ya madzi othirira mathireyi anga, anatula pansi nati, "Inu abambo, chimene mukunyadirachi si chimera chomwe timaphikira thobwa? Kungoti inu mwachisiya chimere masamba. Nanga munaonapo chimera chouma chikulemera kuposa chimanga chimene chinaviikidwa?"

Ndinafuna kutsutsa, koma mawu anandithera. Mayi aliyense wa kumudzi amene anameretsapo mawere kapena chimanga amadziwa kuti chimera chikauma chimapepuka. Nzeru imene ine ndinalipira ndalama, agogo athu anali nayo kale, ndipo ankadziwanso mbali imene mnyamata uja sanatiuze.

Tsono ndinakabwereka sikelo kwa mnzanga wogula mpunga. Ndinayeza kilogalamu imodzi ya chimanga, n'kumeretsa monga mwa masiku onse. Pa tsiku la 8 ndinayezanso, ndipo zoonadi msipu unakwana pafupifupi makilogalamu 6. Koma ulendo uno sindinapatse mbuzi. Ndinaung'amba tizidutswa, n'kuuyanika pa mphasa masiku anayi mpaka unauma gwaa ngati mfutso. Nditaubweza pa sikelo unangopitirira pang'ono magalamu 800. Ndinaganiza kuti mwina nkhuku zatolako, choncho ndinabwereza, ulendo uno n'kuyanika padenga nditaphimba ndi ukonde wakale. Zinatuluka chimodzimodzi.

Apa ndiye pagona nkhani, Bambo Mkonzi. Ndinaika kilogalamu yathunthu ya chakudya, ndinatulutsa chakudya chosakwana kilogalamu. Makilogalamu 5 oonjezerawo sanali chakudya ayi, anali madzi a pa mjigo omwe mayi a kunyumba anasenza pamutu. Ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njere ikamamera imadya ufa wake womwe wa m'kati kuti ipeze mphamvu yotulutsira muzu ndi tsamba. M'munda, mbewu imabweza ngongole imeneyi pambuyo pake, masamba akakula n'kuyamba kupanga chakudya ndi dzuwa, mizu nayo ikukoka za m'nthaka. Koma m'thireyi mulibe nthaka, ili pamthunzi, ndipo timazula pa tsiku la 8 mbewu isanayambe kubweza kanthu. Tikukolola nthawi imene mbewu yangodya, isanagwire ntchito.

Mwana wanga amene ali kusukulu ya zaulimi nditamufotokozera anaseka, nati zimenezi akatswiri anazipeza kale. Anandiuza kuti m'chaka cha 2003 akatswiri a ku Queensland m'dziko la Australia anaunika ulimi umenewu pofuna kuthandiza alimi a ng'ombe za nyama, ndipo anapeza kuti mbewu ikamera chakudya chenicheni chimachepa, komanso kuti ukawerengera chakudya chouma chokhachokha, msipu wa m'thireyi umakwera mtengo kuposa kungopatsa ng'ombe njere zomwezo. Ngati alimi a ku Australia, omwe ali ndi nkhokwe zosefukira, anauzidwa kuti ayambe awerengera, kuli bwanji ife?

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu ake ndi a sitandade 4. Ine ndili ndi mbuzi 6. Tinauzidwa kuti mbuzi iliyonse izilandira makilogalamu awiri a msipu pa tsiku, kuonjezera pa zimene yatola kutchire. Ndiye kuti makilogalamu 12 a msipu tsiku lililonse, omwe amafuna makilogalamu awiri a chimanga. Pa mwezi ndi makilogalamu 60, kuposa thumba. Pa miyezi itatu ya chilimwe ndi makilogalamu 180, matumba atatu ndi theka n'kupitirira. Pakhomo panga thumba limodzi la makilogalamu 50 limatifikitsa kumapeto a mwezi tikamasinthanitsa ndi kondowole. Kunena kwina, mbuzi 6 zimadya nsima ya banja lonse, ndipo zikatero sizinakhute, zikufunabe kutchire.

Ndipo miyezi imene mbuzi zimasowa msipu ndi yomweyo imene nkhokwe zimayamba kulira. Amene anagula chimanga kumayambiriro a 2025 akukumbukira kuti m'misika ina thumba linafika pa K100,000. Chimanga chimene ine ndinameretsa mu Okutobala ndi Novembala ndinadzachifuna mu Febuluwale, ndipo kuti ndichipeze ndinagulitsa mbuzi imodzi mwa zomwe ndinkazidyetsazo. Mayi a kunyumba sananene kanthu tsiku limenelo, koma kukhala chete kwawo kunandipweteka kuposa mawu.

Palinso china chimene anthu a kunyanja tiyenera kuchidziwa. Msipu umenewu umafuna malo ozizira bwino ndi odutsa mphepo. Zithunzi zambiri zimene anyamata akuona pa mafoni ndi za ku Kenya, komwe ambiri amameretsa barele, mbewu imene ife kuno sitilima. Kuno ku Benga mu Okutobala ngakhale pamthunzi pamatentha, ndipo chimanga chonyowa chikakhala pamalo otentha chimachita chuku msanga. Mwa mathireyi anga, ambiri ndithu ankayamba kununkha chowawasa pofika tsiku lachisanu, pansi pake pakuoneka zoyera ngati thonje, mwina zakuda. Tsiku lina ndinaumira, ndinati ndingotsuka n'kupatsa mbuzi. Mbuzi yanga yoyamwitsa inatsegula m'mimba masiku atatu, kamwana kake kanatsala pang'ono kufa. Alimi a mtedza akudziwa kale kuti chuku china chili ndi poizoni, ndipo poizoni ameneyo chiweto chikadya amatha kufika mpaka mu mkaka. Thireyi yochita chuku ndi yotaya, ndipo ukataya wataya chimanga.

Pamenepa ndichenjezenso anzanga mwamphamvu. Ndinamva wina akunena kuti mbewu ya m'mapaketi ndiyo imamera bwino, choncho yotsala pobzala aziimeretsa m'thireyi. Chonde musayerekeze. Mbewu yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ija ndi yobzala m'nthaka basi. M'thireyi chiweto chimadya ndi njere yomwe, mankhwala ake ali pompo.

Ena anena kuti mkuluyu zinamukanika ndiye akufuna kugwetsa anzake mphwayi. Iyayi. Ulimiwu uli ndi malo ake. Unapangidwira anthu amene madzi ndi malo n'zosowa koma njere n'zotsika mtengo, monga m'maiko a m'chipululu, kapena munthu wa m'tauni amene ali ndi ng'ombe ya mkaka kuseri kwa nyumba koma alibe dimba. Mwina anzathu a ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, komwe malo ndi ochepa ndipo mkaka amagulitsa tsiku ndi tsiku, akawerengera angapeze phindu, iwowo ndiwo anganene. Ngakhale ine sindinausiyiretu. Chigubu chimodzi ndimameretsabe m'chilimwe, chimanga chodzaza manja awiri, chifukwa cha anapiye ndi akalulu a adzukulu anga, poti tinthu tobiriwira timawathandiza pamene kunja kulibe kalikonse kobiriwira. Kumeneko ndi ngati ndiwo. Koma kuti ukhale nsima ya khola lonse, ayi.

Ife a ku Benga vuto lathu ndi lotembenuka. Madzi tili nawo, nyanja ili pakhomo, madambo ndi zithaphwi zilipo. Chimene tilibe ndi chimanga. Tsono n'chifukwa chiyani tikutengera nzeru yopulumutsa madzi poononga chimanga? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nthawi yonse imene ndinkathirira zigubu, chakudya cha mbuzi chinali chitandizungulira, china ndinali nditachiotcha ndekha mu Julayi. Masangwi a mtedza timawasiya m'munda mpaka chiswe chiwamalize, chonsecho ndi chakudya chabwino zedi ukawaumitsa pamthunzi asanayoyoke masamba n'kuwasunga pa thandala. Makoko a chinangwa amene amayi amasenda tsiku ndi tsiku pokonza kondowole amangotayidwa kudzala, pamene ukawayanika mpaka kuumitsitsa, kuti ululu wa chinangwa chowawa uchoke, mbuzi ndi nkhumba zimadya bwino. Kholowa wotsala tikakumba mbatata, gaga wa kuchigayo, madeya a mpunga, zonsezi sizilanda mwana nsima. Udzu umene timauyang'ana ukuuma n'kupsa, tikanaumweta mu Malichi ndi Epulo usanakhwime, n'kuuyanika, tikanakhala ndi mfutso wa ziweto wofika nawo mu Novembala. Za mapesi a chimanga sindinenapo zambiri, poti anzathu a ku Zidyana ndi ku Mwansambo amene anaphunzira ulimi wa mtayakhasu ndi a Total LandCare amawafuna kuphimbira nthaka, ndipo ali ndi mfundo.

Nanga msangu? Mtengo umenewu Mulungu anaupanga mosiyana ndi inzake, umayoyola masamba m'dzinja, n'kubiriwira m'chilimwe, ndipo nyemba zake zimagwa nthawi yomwe mbuzi zili pa njala. Mbuzi zimadziwa, zimathamangira pansi pake m'mamawa. Koma misangu ikuluikulu yomwe tinaipeza tikubadwa yatha ndi nkhwangwa, ndipo palibe amene akubzala ina. Chaka chathachi ine ndinatola nyemba zake matumba awiri n'kusunga, ndipo ndabzala nsenjere m'mphepete mwa dimba langa, lukina ndi gliricidia m'malire a munda. Lukina safuna kuchulutsa, asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsikulo, ndipo gliricidia mbuzi zimayamba zamukana chifukwa cha fungo, umafunika kumufotetsa kaye. Zimenezi sizibiriwira m'masiku 8 ayi, nsenjere imafuna miyezi, mitengo imafuna chaka kapena ziwiri. Mwina n'chifukwa chake palibe mnyamata wovala bwino amene amabwera kudzazilengeza kutchalitchi, poti palibe thireyi yogulitsa.

Tsopano ndilankhule ndi inu abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mipingo, poti ndikudziwa kuti tsamba lino mumaliwerenga. Inu anthu amakukhulupirirani kuposa wina aliyense. Chinthu chikalengezedwa pamaso panu mapemphero atatha, mayi wamasiye amachitenga ngati chadalitsidwa, ndipo amakatapa m'kathumba kake komaliza. Ine sindikuimba mlandu akuluakulu a mpingo wathu, anachita mwa chikondi, ndipo woyamba kuomba m'manja ndinali ine. Koma ndikupempha kuti wina akadzabwera ndi thireyi yobiriwira, mudzamufunse mafunso awiri asanaime kutsogolo. Loyamba, msipu umenewu ukauma umalemera bwanji? Lachiwiri, chimanga chake chichokera m'nkhokwe ya yani? Akayankha bwino, mulekeni alankhule. Ndipo poti mipingo ndi mizikiti yambiri ili ndi malo ozungulira amene amangomera tchire, bwanji osabzalapo nsenjere ndi mitengo ya ziweto, kuti akhristu ndi asilamu azidzatengako mbewu? Makamaka m'midzi imene mabungwe anagawa mbuzi zopatsirana, anthu analandira mbuzi koma sanalandire chodyetsa.

Kwa mafumu athu, nkhani ndi ya moto. Chaka ndi chaka anyamata osaka mbewa amatentha tchire lonse chifukwa cha timbewa todzaza m'chitini, ndipo msipu wa mudzi wonse umathera pomwepo. Mlandu wa mbuzi yolowa m'chinangwa mumauweruza msanga, koma wotentha tchire, yemwe ndiye anaithamangitsira mbuziyo m'chinangwamo, sindinamuonepo atakhala pabwalo.

Pomaliza ndipemphe a unduna wa zamalimidwe. Tili ndi malo a kafukufuku ku Chitala m'boma la Salima, pafupi pomwepa, tili ndi Chitedze, tili ndi Bunda. Ayese ulimi umenewu ndi chimanga chathu, mapira athu ndi kutentha kwathu kwa kunyanja, atiuze zoona zake m'Chichewa pa wailesi ndi kudzera mwa alangizi, m'malo moti mlimi aliyense aziphunzira potaya thumba lake ngati ine. Ngati pali mbewu ina imene anthu sadya koma ingamere bwino m'thireyi, atiuze, tidzayesa.

Ndipo ngati pali mlimi wina, kaya ku Dwangwa, kaya ku Salima, kaya kwina kulikonse, amene zinamuyendera mosiyana ndi ine, alembe pa tsamba lomwe lino. Koma atiuze manambala atatu: kulemera kwa chimanga chimene anaviika, kulemera kwa msipu uli wauwisi, ndi kulemera kwake utauma. Sikelo ya mnzanga uja ikadalipo, ndipo zigubu zanga zoboola ndikhoza kubwereka aliyense wofuna kudziyesera yekha.

Mlimi wa mbuzi,
Benga, Nkhotakota.